Macbeth, mfiti zitatu ndi mkazi wake: mafunso ndi mayankho okhudza mwini mlandu

Sewero la Macbeth, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1606, limawerengedwa m'sukulu za sekondale m'Malawi muno, ndipo paliponse pamene lawerengedwa pamabuka mkangano womwewo. Ena amati Macbeth anali msilikali wokhulupirika amene anakodwa mumsampha wa mfiti, ena amati anagwa ndi lilime la mkazi wake, ndipo ena amati mlandu wonse ndi wake. Mayankho ali m'munsimu atsamira mbali imodzi, ndipo ndi bwino kunena zimenezi poyambirira: mfiti ndi Lady Macbeth amatithandiza kumvetsa mmene Macbeth anagwera, koma samuchotsera mlandu wa magazi amene anakhetsa.

Kodi mfiti zinamuuza Macbeth kuti aphe Mfumu Duncan?

Sizinamuuze, ndipo amene akufuna kuweruza nkhaniyi mwachilungamo ayambe wabwerera pa chigawo chachitatu cha gawo loyamba n'kuwerenganso zimene mfitizo zinayankhula. Macbeth ndi mnzake Banquo akuchokera kunkhondo kumene agonjetsa oukira mfumu pamodzi ndi asilikali a ku Norway, ndipo mfiti zitatu zikuwatchingira njira pachipululu. Yoyamba ikumulonjera Macbeth monga Thane wa Glamis, udindo wolamulira dera umene anali nawo kale chimwalirireni bambo ake. Yachiwiri ikumutchula Thane wa Cawdor, ndipo yachitatu ikuti adzakhala mfumu m'tsogolo. Mawu ake athera pomwepo. Palibe imene yatchula dzina la Duncan, palibe imene yanena za mpeni kapena magazi, ndipo palibe imene yatchula tsiku.

Banquo akumuyang'ana mnzakeyo n'kumufunsa chifukwa chake wadzidzimuka ndi kuoneka wamantha pomva mawu okoma chotere. Funso limeneli ndi lolemera, pakuti munthu amene mumtima mwake mulibe kanthu akauzidwa kuti adzakwezedwa amaseka kapena kudabwa, koma sanjenjemera. Ross ndi Angus atafika ndi uthenga wakuti Duncan wamupatsadi udindo wa Cawdor, Macbeth akupatuka n'kuyamba kuyankhula yekha, ndipo akuvomera kuti m'maganizo mwake mwabwera chithunzi choopsa chimene chikumuimika tsitsi ndi kuchititsa mtima wake kugunda panthiti. Iye mwini akuchitchula chithunzicho kuti ndi kupha. Ganizo limeneli likutuluka mwa Macbeth mfiti zitazimiririka kale, asanaonane n'komwe ndi mkazi wake.

Popeza zonse zimene mfiti zinalosera zinachitikadi, kodi Macbeth akanatha kuzipewa?

Tiyenera kusiyanitsa pakati pa kukhala mfumu ndi njira yokhalira mfumu. Ulosi unanena za mathero okha, ndipo njira unaisiya m'manja mwa mwini wake. Pa malonje atatu aja, oyamba anali chinthu chodziwika kale, achiwiri anali chigamulo chimene Duncan anali atapereka kale m'chigawo chachiwiri ife oonera tikumva, kotero kuti achitatu okha ndiwo anali a m'tsogolo. Udindo wa Cawdor unamupeza Macbeth asanachite chiwembu chilichonse, ndipo iye anaona yekha tanthauzo la zimenezi, pakuti m'chigawo chachitatu chija akunena kuti ngati mwayi ukufuna kuti akhale mfumu, mwayiwo ungamuveke chisoti chaufumu iye asanasunthe ndi chala chomwe. Munthu amene wakhulupirira ulosi ndi mtima wonse alibe chifukwa chothamangira. Chimene chinamukanika Macbeth ndi kudikira, makamaka Duncan atalengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye Kalonga wa Cumberland ndi wolowa m'malo mwake. Pamenepo Macbeth akumuona Malcolm ngati chopunthwitsa chimene ayenera kuchilumpha, ndipo akupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake, kuopa kuti zingaunikire zilakolako zake zakuda.

Pali umboni wina wamphamvu kuposa umenewu. Mfiti zomwezo zinamuuza Banquo kuti iye sadzakhala mfumu koma adzabala mafumu. Macbeth akanakhala kuti amaona ulosi ngati chinthu chosasinthika, akanavomera gawo limenelinso. M'malo mwake akutuma anthu kuti akaphe Banquo ndi mwana wake Fleance, cholinga chake chili chakuti ulosiwo ulephereke. Ulosi womukomera akuugwiritsitsa, pamene womuipira akulimbana nawo ndi mpeni. Khalidwe lotere ndi la munthu amene akusankha, ndipo wosankha ndiye amayankha mlandu.

Chifukwa chiyani Banquo amatchulidwa kawirikawiri pa mkanganowu?

Chifukwa anaima pamalo omwewo, pa ola lomwelo, n'kumva lonjezo lokoma kuchokera pakamwa pomwepo, koma sanaphe munthu. Nayenso anayesedwa. Kumayambiriro kwa gawo lachiwiri akuvomera kuti akuopa kugona chifukwa cha maganizo oipa amene amamufikira kutulo, ndipo akupempha mphamvu zachifundo zakumwamba kuti zimuletse. Macbeth atamunyengerera kuti adzakhale kumbali yake nthawi ikadzakwana, Banquo akuyankha kuti angavomere pokhapokha ngati chikumbumtima chake chikhala choyera ndi kukhulupirika kwake kwa mfumu kukhala kosadetsedwa. Ndiyenso amene anachenjeza mnzakeyo tsiku loyamba lomwelo kuti atumiki a mdima amanena zoona pa tinthu ting'onoting'ono kuti atikope, kenako n'kutipereka pa zinthu zazikulu. Banquo si woyera mtima kotheratu, pakuti atayamba kumukayikira Macbeth anakhala chete, mwina poyembekezera kuti za ana akenso zichitika, koma manja ake alibe magazi.

Owerenga Baibulo akudziwa anthu awiri amene nkhani zawo zimaunikira bwino mfundoyi. Davide anadzozedwa ndi Samueli kuti adzakhale mfumu, ndipo kawiri konse anamupeza Sauli pamalo osavuta kumupha, kuphanga ndi kumsasa usiku, anyamata ake akumulimbikitsa, koma anakana kukweza dzanja lake pa wodzozedwa wa Yehova. Hazaeli naye anauzidwa ndi Elisa kuti adzakhala mfumu ya Aramu, ndipo m'mawa mwake anatenga nsalu yonyowa n'kuphimba nayo nkhope ya mbuye wake wodwala mpaka kufa. Onsewa anamva za ufumu wa m'tsogolo, ndipo palibe wowerenga amene amati Hazaeli alibe mlandu chifukwa mneneri anayankhula.

Kodi ndiye kuti mfitizo zilibe mphamvu kapena mlandu uliwonse?

Zili ndi mphamvu ndipo cholinga chake ndi choipa. Chigawo choyamba cha sewero chikuzionetsa zikupangana kukakumana ndi Macbeth, kutanthauza kuti zinamusankha dala. Komabe Shakespeare anasamala kutionetsa malire a mphamvuzo. Macbeth asanafike, mfiti ina ikusimba za mkazi wa woyendetsa chombo amene anaimana chakudya, ndipo ikulumbira kuti ikabwezera kwa mwamuna wake, yemwe wapita ku Aleppo pa chombo chotchedwa Tiger. Ikuti idzamusowetsa tulo usana ndi usiku ndi kumuzunza ndi namondwe, koma ikuvomera kuti chombocho sichingamire. Kankhani aka kanaikidwa pamenepa ndi cholinga, chifukwa kakutiuza kuti mfitizi zingavutitse munthu ndi kumusocheretsa, koma kumumiza sizingathe. Mlandu wa mfiti ndi wa woyesa, ndipo ndi waukulu ndithu, koma suchepetsa wa amene wavomera chiyesocho.

Nanga Lady Macbeth? Kodi si iye amene anamukankhira mwamuna wake atakana kale?

Apa ndi pamene mfundo ya omuikira kumbuyo Macbeth ili ndi mphamvu kwambiri, ndipo siyenera kupeputsidwa. M'chigawo chachisanu ndi chiwiri cha gawo loyamba, Duncan ali kuchipinda chodyera m'nyumba ya Macbeth ku Inverness, Macbeth akumuuza mkazi wake mosapita m'mbali kuti nkhaniyi ithere pomwepa. Mkaziyo akanavomera, Duncan akanadzuka wamoyo m'mawa mwake. Koma iye akumulasa pamene akudziwa kuti pali chilonda. Akumufunsa ngati chiyembekezo chake chija chinali cha kuledzera chabe, akumuuza kuti kuyambira tsopano chikondi chake adzachiyesa chotero, akumutcha wamantha, ndipo akuti pamene ankalimba mtima kuti achite, pamenepo ndiye anali mwamuna. Kenako akunena mawu oopsa koposa m'sewero lonse, akuti iye anayamwitsapo ndipo amadziwa kukoma kwa kukonda khanda, koma akanalumbira monga analumbirira Macbeth, akanalichotsa khandalo kubere likumumwetulira n'kuliphwanya mutu. Kwa msilikali amene ulemu wake wonse wagona pa kulimba mtima, mawu otere ndi owawa kuposa mkondo.

Koma onani mmene Macbeth akuyankhira. Poyamba akunena chinthu choona ndi chanzeru, chakuti angathe kuchita chilichonse choyenera mwamuna, ndipo wochita zoposa pamenepo si munthunso. Yankho limeneli linali lokwanira kuthetsa mkanganowo akanaligwiritsitsa. Patangopita mizere yowerengeka, funso lake lasintha, tsopano akufunsa kuti nanga akalephera zidzatha bwanji. Munthu amene akufunsa funso lotere wasiya kale kulimbana ndi kuipa kwa chinthucho ndipo watsala ndi mantha a kugwidwa. Mkazi wake atangomufotokozera za kuledzeretsa alonda awiri a mfumu ndi kuwasenzetsa mlandu, mantha aja akutha, ndipo Macbeth akumutamanda kuti mkazi wolimba mtima chotere azibala ana aamuna okhaokha. Akuyala yekha ndondomeko yopaka alondawo magazi ndi kugwiritsa ntchito mipeni yawo yomwe, n'kunena kuti watsimikiza mtima.

Chinanso chimene ambiri sachiona ndi chakuti Macbeth sanamuuze mkazi wake zifukwa zake zenizeni zokanira. Ali yekha anatchula ubale, kukhulupirika ndi chiweruzo, koma pamaso pa mkaziyo anangonena kuti mfumu yamulemekeza posachedwa ndipo anthu akumuyamikira, choncho sakufuna kutaya mbiri yabwinoyo msanga. Anatulutsa chifukwa chofooka n'kubisa cholimba, ndipo n'zovuta kupewa ganizo lakuti mbali ina ya mtima wake inkafuna kugonjetsedwa. Lady Macbeth sanamuopseze ndi imfa, anangomunyoza. Ngakhale akanamuopseza, malamulo a ku England masiku ano salola munthu kudziteteza pa mlandu wakupha ponena kuti anakakamizidwa, monga linagamulira bwalo la House of Lords mu 1987 pa mlandu wa Howe.

Ena amati Macbeth anali ngati mwamuna wodyetsedwa khuzumule. Kodi seweroli likugwirizana ndi maganizo amenewa?

Silikugwirizana nawo. Anthu okhawo amene akupatsidwa mankhwala m'sewero lonse ndi alonda awiri aja, amene Lady Macbeth anawathirira mankhwala ogonetsa m'chakumwa. Macbeth sali mwamuna wongotsatira. Ndiye amene analemba kalata youza mkazi wake za mfiti, n'kumutcha mnzake wokondedwa wogawana naye ukulu. Mkaziyo powerenga kalatayo sakukayikira ngati mwamuna wake akufuna ufumu. Akunena kuti chilakolako ali nacho, chimene akusowa ndi nkhanza zochiperekeza, ndipo akufuna kupambana mwachinyengo popanda iye kuchita chinyengocho. Pamkangano wa usiku uja akumukumbutsa kuti iyeyo ndiye anayamba kuitchula nkhaniyi pamene nthawi ndi malo zinali zisanapezeke, ndipo Macbeth sakutsutsa.

Kuloza mkazi chala ndi chizolowezi chakale, chimene Adamu anayamba nacho m'munda muja, ndipo sichinamupulumutse. Chochititsa chidwi n'chakuti Macbeth mwini sakuyesa n'komwe njira imeneyi. Kuyambira usiku wa chiwembu mpaka imfa yake, palibe pamene akunena kuti mkazi wake ndiye anamulakwitsa. Owerenga ndi amene amamupatsa chowiringula chimene iye sanachipemphe.

Kodi Macbeth ankadziwa bwino kuipa kwa zimene ankachita, kapena mutu unali utasokonekera?

Ankadziwa kuposa wina aliyense m'sewerolo, ndipo umboni wake ndi mawu amene akuyankhula yekha asanakangane ndi mkazi wake. Akuyala zifukwa zosaphera Duncan momveka bwino ngati woweruza. Duncan ndi mbale wake komanso mfumu yake. Duncan ndi mlendo m'nyumba mwake, ndipo mwini nyumba ayenera kutsekera wakupha kunja, osati kunyamula mpeni iye mwini. Duncan walamulira mofatsa ndi mosadetsa udindo wake, kotero kuti ubwino wake udzafuula ngati angelo potsutsa imfa yake. Akuonanso kuti wophunzitsa ena kukhetsa magazi, phunzirolo limabwerera kwa iye, ndipo chikho cha poizoni chimene wakonzera ena chimadzafika pamilomo pake. Pomaliza akuvomera kuti alibe china chomukankha koma chilakolako cha udindo chimene chimalumpha mopitirira n'kukagwera mbali ina. Pamndandanda wonsewu sakutchula mfiti ngakhale kamodzi.

Ena amatchula mpeni umene akuuona ukulendewera m'malere usiku wa chiwembu ngati umboni wakuti mphamvu zamdima zinkamukoka. Koma iye mwini akuukayikira, akuti mwina ndi chinthu chochokera mu ubongo wotenthedwa, ndipo akunena kuti ukumulozera njira imene anali kupita kale. Atapha, akutuluka m'chipinda manja ali magazi okhaokha, atanyamula mipeni imene anayenera kuisiya, akudandaula kuti mmodzi wa ogona atapemphera iye analephera kunena Amen chifukwa liwulo linamutsamwa pakhosi. Mkazi wake akuti madzi pang'ono awatsuka, koma iye akuti nyanja yonse singayeretse dzanja lake, m'malo mwake dzanjalo lingafiiritse nyanja. Awa ndi mawu a munthu amene chikumbumtima chake chili maso.

Chifukwa chiyani imfa zotsatira zili zofunika pa funsoli?

Chifukwa zikutionetsa Macbeth akuchita zinthu popanda womukankha. Tingathe kukangana mpaka kalekale za usiku wa imfa ya Duncan, koma kuyambira m'mawa mwake mkanganowo ukuchepa. Macduff, Thane wa ku Fife, atapeza mtembo wa mfumu, Macbeth akuthamangira kuchipinda n'kupha alonda awiri aja kuti asayankhule, chinthu chimene sichinali m'pangano. Atavekedwa ufumu ku Scone, akuitana anthu achiwembu n'kuwadzaza mabodza okhudza Banquo, ndipo njira imene akugwiritsa ntchito ndi yomwe ija anaphunzira kwa mkazi wake, yowafunsa ngati alidi amuna. Lady Macbeth atafunsa chimene chikukonzedwa, iye akumuuza kuti akhale wosadziwa mpaka adzayamikire ntchitoyo itatha. Maudindo asinthana, tsopano mkazi ndiye akuyesa kukhazika mwamuna mtima pansi, monga zikuonekera paphwando pamene mzukwa wa Banquo ukukhala pampando wa mfumu, Macbeth yekha akuuona.

Usiku womwewo akunena kuti walowa m'magazi mpaka pakati, kotero kuti kubwerera n'kotopetsa mofanana ndi kuwolokera tsidya lina. Mawu amenewa akuvomera kuti njira yobwerera inalipo, ndipo iye anaikana. Chimake cha zonse ndi ku Fife, kumene akutuma anthu kukapha mkazi wa Macduff, ana ake ndi onse a m'nyumbamo, Macduff atathawira ku England. Imfa zimenezi sizikumupindulira kanthu pa ufumu wake. Shakespeare akutikakamiza kuona kamnyamata ka Macduff kakucheza mwanzeru ndi mayi ake, kenako kakubayidwa pamaso pathu kakuwauza mayiwo kuti athawe. Palibe mfiti imene inatchula mwana ameneyu, ndipo Lady Macbeth sanafunsidwe.

Koma maulosi achiwiri anamunamiza. Kodi wonamizidwa sayenera kumveredwa chifundo?

Anamusocheretsa ndithu, koma tikumbukire kuti ulendo uno Macbeth ndiye anapita kukazifuna mfitizo, ndipo anazilamula kuti zimuyankhe ngakhale dziko lonse litaphwasuka. Zinamuonetsa masomphenya atatu. Mutu wovala chisoti chankhondo unamuchenjeza za Macduff. Mwana wamagazi anamuuza kuti palibe wobadwa mwa mkazi amene adzamupweteke. Mwana wovala chisoti chaufumu, mtengo uli m'manja, anamuuza kuti sadzagonja mpaka nkhalango ya Birnam itafika paphiri la Dunsinane. Tanthauzo lobisika linali poyera m'zithunzi zomwezo, pakuti mwana wamagazi ndi Macduff amene anachita kung'ambidwa m'mimba mwa mayi ake nthawi isanakwane, ndipo mtengo uja ndi nthambi zimene asilikali a Malcolm anadula kuti abise chiwerengero chawo. Macbeth anamva mawu okoma n'kutseka maso ku zithunzizo.

Chinyengo chimenechi chikufotokoza chifukwa chake anadzidalira mopitirira mpaka kugonja, koma sichikufotokoza nkhanza zake. Munthu amene wauzidwa kuti palibe amene angamupweteke alibenso chifukwa chophera wina aliyense. Macbeth akuzindikira zimenezi, akuti Macduff angathe kukhala ndi moyo, koma nthawi yomweyo akusintha n'kunena kuti amupha ndithu pofuna kutsimikiza kawiri. Pamapeto, Macduff atamuululira za kubadwa kwake, akutemberera ziwanda zoyankhula mawu a matanthauzo awiri, ndipo apanso akuzidzudzula chifukwa chomulonjeza chitetezo chabodza, osati chifukwa chomuphetsa anthu.

Ngati mlandu ndi wa Macbeth, kodi Lady Macbeth wamasuka?

Sanamasuke. Mlandu wakupha suchepa chifukwa chakuti augawana anthu awiri, aliyense amasenza wake wathunthu. Iye anaitana mizimu kuti imuchotse chifundo, anakonza chiwembu, anagoneka alonda, anabweza mipeni kuchipinda ndi kupaka alondawo magazi. Komabe sanathe kubaya yekha, ponena kuti Duncan ali m'tulo ankafanana ndi bambo ake. M'gawo lachisanu tikumuona akuyenda ali m'tulo, nyali ili m'manja, akupukuta manja amene sakuyera, akudabwa kuti nkhalamba ija inali ndi magazi ochuluka chotero, ndipo akufunsa kumene kuli mkazi wa Thane wa ku Fife. Dokotala womuona akuti akusowa wansembe kuposa sing'anga. Chikumbumtima chake chikumusenzetsa ngakhale imfa zimene sanazikonze, chifukwa akudziwa kuti anathandiza kutsekula chitseko chimene sanathenso kuchitseka.

Ngati alibe chowiringula, n'chifukwa chiyani timamumvera chisoni?

Aristotle, wanzeru wa ku Greece wa m'zaka za m'ma 300 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti sewero lachisoni limadzutsa chifundo ndi mantha potionetsa munthu amene si wangwiro komanso si woipitsitsa, akugwa chifukwa cha kulakwitsa kwina. Chitsanzo chake chokondedwa chinali Oedipus, amene anapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake asakudziwa kuti ndi makolo ake, pamene ankathawa ulosi womwewo. Macbeth ndi wosiyana naye kotheratu, chifukwa iye anathamangira ulosi ndipo ankamudziwa bwino amene ankamubaya. Choncho chisoni chathu sichingachokere pa kusadziwa kwake.

Chimachokera pa kudziwa kwakeko. Shakespeare akutilowetsa mumtima mwa munthu amene amaona zabwino momveka bwino, amene ali ndi maso a mlakatuli ndi kulimba mtima kwa ngwazi, ndipo tikumuona akuzipha zinthu zimenezi mwa iye chimodzichimodzi. Chakumapeto akunena kuti zimene zimayenera kuperekeza ukalamba, monga ulemu, chikondi, kumveredwa ndi khamu la abwenzi, iye asaziyembekezere, koma matemberero apansipansi ndi ulemu wapakamwa. Atamva kulira kwa amayi m'linga akuti waiwala kukoma kwa mantha, ndipo atauzidwa kuti mkazi wake wamwalira akuona moyo ngati nthano yosimbidwa ndi chitsiru, yodzaza phokoso koma yopanda tanthauzo. Malcolm akumutcha wopha anthu ngati nyama, ndipo sakunama, koma ife tamva zimene Malcolm sanamve. Tikamuchotsera mlandu Macbeth timamusandutsa chidole cha mfiti ndi cha mkazi, ndipo chidole sichimvetsa chisoni chotere.

Anthu a m'nthawi ya Shakespeare ankakhulupirira ufiti. Kodi iwo sakanamukhululukira Macbeth?

Ambiri ankakhulupiriradi, kuyambira ndi mfumu yomwe. James VI wa ku Scotland, amene anakhalanso James I wa ku England mu 1603 ndipo anatenga gulu la zisudzo la Shakespeare kukhala lake, anafunsa yekha ena mwa oimbidwa mlandu wa ufiti ku North Berwick kuyambira mu 1590, ndipo mu 1597 anatulutsa buku lonena za ufiti lotchedwa Daemonologie. Mu 1604 nyumba ya malamulo ya ku England inakhwimitsa lamulo loletsa ufiti. Koma anthu omwewo anali Akhristu ophunzitsidwa kuti Satana amayesa, ndipo womvera chiyeso amayankha yekha pamaso pa Mulungu. Kwa iwo, kupita kukafunsira kwa mfiti monga akuchitira Macbeth m'gawo lachinayi linali tchimo lina loonjezera pa kupha.

Komanso mu November 1605 kunaululika chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London ndi wonga, mfumu ili momwemo. Oonera seweroli m'miyezi yotsatira anali ndi mantha atsopano a kuphedwa kwa mfumu, ndipo sakanaona wopha mfumu yogona m'nyumba mwake ngati munthu wongogwiriridwa ntchito.

Kodi Macbeth weniweni wa m'mbiri anachitadi zimenezi?

Macbeth analikodi, ndipo analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan weniweni sanali nkhalamba yoyera mtima yophedwa pabedi. Anali mfumu yachinyamata imene inafera kunkhondo pafupi ndi Elgin mu 1040 polimbana ndi asilikali a Macbeth. Ulamuliro wa Macbeth unakhazikika mokwanira kuti mu 1050 anatha kusiya dziko n'kupita ku Rome paulendo wachipembedzo. Anaphedwa ku Lumphanan mu 1057 ndi gulu la Malcolm, mwana wa Duncan. Mkazi wake dzina lake anali Gruoch, wa m'banja lachifumu.

Shakespeare anatenga nkhaniyi m'mabuku a mbiri a Raphael Holinshed, amene anasindikizidwa kachiwiri mu 1587, ndipo zimene anasintha zikutiuza zambiri za funso lathuli. Kwa Holinshed, Duncan ndi mfumu yofooka, Macbeth akulamulira bwino zaka khumi asanasanduke wankhanza, ndipo Banquo ndi mmodzi wa omuthandiza kupha mfumu. Shakespeare anamuyeretsa Duncan, anachotsa zaka za ulamuliro wabwino zija, ndipo chiwembu chophera mfumu m'nyumba ya woilandira anachitenga pa nkhani ina ya m'mabuku omwewo, ya Donwald amene anaphetsa Mfumu Duff molimbikitsidwa ndi mkazi wake. Kumuyeretsa Banquo kunali ndi chifukwa cha ndale, pakuti banja la Stuart, la Mfumu James, linkati linachokera mwa iye. Koma kusintha konseku kukulozera mbali imodzi. Zifukwa zimene Macbeth wa Holinshed akanadziteteza nazo, monga kufooka kwa Duncan ndi kuvomereza kwa akuluakulu anzake, wolemba seweroli anazichotsa dala, n'kumusiya Macbeth akukwera yekha kupita kuchipinda cha mlendo wake belu la mkazi wake litalira.